ZILONDA ZA PAKHOSI ZIMENE ZIMAONONGA MTIMA WA MWANA

Mwezi wa June ukafika, mphepo ija yocokera kumapiri ikayamba kulowa m'nyumba za ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika, palibe khomo limene simumva mwana akudandaula. Makolo tinazolowera. Mwana akadzuka m'mawa nanena kuti pakhosi pakumuwawa, timam'patsa tiyi wotentha, mwina ndi kapanado kogula pa kantemba, kenaka timuuza kuti anyamule mabuku apite ku sukulu. Pakapita masiku atatu kapena anai mwana ali bwino, ndipo tonse taiwala.

Kawiri-kawiri zimatheradi pomwepo. Koma pali ana ena amene kwa iwo nkhani imayambira pomwepo. Mwana yemweyo, patapita zaka zisanu kapena khumi, mumuona akulephera kukwera kacitunda, akupuma mwabefu atangotunga ndowa imodzi ya madzi, mapazi atatupa. A dotolo akamupima akuti mtima unaonongeka kale. Makolo amadabwa kuti mwana anabadwa bwino-bwino, nanga matenda a mtima awatenga kuti? Ambiri a ife timaganiza kuti mtima ndi matenda a anthu acikulire, onenepa, oyenda pa galimoto. Si conco ai.

Matenda a mtima mwa ana ali mitundu iwiri ikulu-ikulu. Pali amene mwana amabadwa nawo, ndipo pali amene amawapeza atakula kale, cifukwa ca zilonda za pakhosi zimene sizinaciritsidwe. Tiyamba ndi aciwiriwa, pakuti ndiwo amene ife makolo tingawaletse ndi manja athu.

Kodi pakhosi ndi mtima zikugwirizana bwanji?

Zilonda zambiri za pakhosi zimabwera ndi cimfine ndipo zimapola zokha. Koma zina zimayambitsidwa ndi kacirombo kochedwa Streptococcus wa gulu A. Kacirombo kameneka kamayenda m'malobvu ndi m'mpweya pamene munthu ayetsemula kapena kutsokomola, kotero kamakonda malo amene anthu apanikizana: cipinda cimodzi cogona ana asanu, kalasi la ana ambiri pa desiki limodzi, mazenera otseka cifukwa ca mphepo. Ndi cifukwa cace matendawa amachuka m'makomboni kuposa ku mayadi. Ana amene amagwidwa kwambiri ndi a zaka zapakati pa 5 ndi 15.

Thupi likaona kacirombo kameneka limatumiza asilikali ace a m'magazi kukamenyana nako. Bvuto ndi lakuti khungu la kaciromboka limafanana pang'ono ndi minofu ina ya thupi la munthu. Tsono mwa ana ena asilikali aja amasokonezeka. Atatha kupha mdani, amatembenukira mwini nyumba: amayamba kumenya mfundo za mafupa, ubongo, khungu, ndiponso mtima. Matenda amenewa a dotolo amawacha rheumatic fever, ndipo amaonekera patapita masabata awiri kapena atatu cicokere zilonda zija za pakhosi, nthawi imene aliyense panyumba waiwala kuti mwana anadwalapo.

Mwana amatentha thupi. Bondo limatupa ndi kuwawa kotero kuti safuna ngakhale bulangete limukhudze. Mawa bondo lasiya, kwayamba kakolo. Mkuja cigongono. Kuwawa koyenda-yenda kumeneku ndico cizindikiro cimene kholo liri lonse liyenera kucidziwa. Ambiri timati ndi malungo, kapena timati anagwa pocita bola, kapena timaseka kuti mwana wamng'ono wadwala nyamakazi ngati agogo ace. Mafupa amacira ndithu, osasiya cilema. Mtima ndiwo umatsala ndi zipsera.

Pali cizindikiro cina cimene cimabvutitsa ana kwambiri, makamaka atsikana. Manja ndi nkhope zimayamba kugwedezeka zokha, mwana sakhazikika, amagwetsa kapu, amalira popanda cifukwa, ndipo zolemba zace m'buku zimaipa mwadzidzidzi. Ku sukulu amamukalipira kuti ndi wamwano. Kunyumba ena amati wagwidwa ndi mizimu, namuyendetsa kwa asing'anga ndi ku mapemphero a usiku. Kugwedezeka kumeneku kumaleka mwana akagona tulo, ndipo kumatha kubwera patapita miyezi ingapo cicokere zilonda za pakhosi. Mwana wotere afunika kupimidwa mtima ngakhale aoneke wamphamvu.

Zitseko za mtima

Mtima wa munthu uli ndi zipinda zinai ndi tizitseko tinai. Nchito ya tizitseko timeneti ndi kulola magazi kupita kutsogolo ndi kuwaletsa kubwerera. Timatseguka ndi kutseka nthawi iri yonse mtima ukagunda, usana ndi usiku. Rheumatic fever ikamenya mtima, tizitsekoto timatupa, ndipo potupuka timakhwinyata ndi kuuma. Kacitseko kamene kamaonongeka kawiri-kawiri ndi ka kumanzere, kochedwa mitral, kamene kamalandira magazi ocokera ku mapapo.

Ganizirani citseko ca nyumba cimene cabvumbwa ndi mvula. Mwina sicitsekanso bwino, mphepo imangolowa. Mwina cauma, sicitseguka konse, munthu adutse cammbali. Ndi mmenenso zimakhalira mu mtima. Magazi amabwerera, nadzadza m'mapapo. Mwana amatopa msanga, amatsokomola usiku, sangathe kugona cagada koma atatsamira mapilo kapena khoma. Pambuyo pace mapazi, mimba ndi nkhope zimatupa. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za TB, za mphumu, za impso, ngakhalenso za kusowa zakudya m'thupi, ndipo ndi cifukwa cace ana ambiri amafika kwa dotolo wa mtima mocedwa.

Cinthu cimene tiyenera kumvetsa ndi cakuti kudwala koyamba si kumene kumamaliza mtima nthawi zambiri. Mwana amene wadwalapo rheumatic fever kamodzi amakhala wosabvuta kudwalanso nthawi iri yonse kacirombo kaja kakabwerera pakhosi, ndipo ulendo uli wonse umaonjezera cipsera pa cinzace.

Kutupa kwa mwana kwapasula mabanja ambiri kuno kwathu. Mwana akatupa mapazi ndi kumadandaula m'cifuwa, akulu-akulu amayamba kufunsana za mdulo, kuti ndani pakati pa bambo ndi mai amene sanasunge mwambo, kapena ndani anathira mcere m'ndiwo pa nthawi yosayenera. Sitiri pano kunyoza miyambo ya makolo. Koma pamene banja likuweruza mlandu, ndipo mwana akutemedwa mphini pacifuwa, masabata akupita, ndipo madzi akuculuka m'mapapo. Ngati mlandu ulipo, ukambidwe mwana ali kale m'manja mwa a cipatala.

Bvutoli ndi lalikulu motani?

Pa dziko lonse lapansi anthu opitirira 40 miliyoni ali ndi mitima yoonongeka mwa njira imeneyi, ndipo opitirira 300,000 amamwalira nayo caka ciri conse, ambiri a iwo a m'maiko osauka. Ku Ulaya ndi ku America matendawa anali ofala zaka zana zapitazo, koma anatsala pang'ono kutheratu pamene nyumba zinayamba kukhala zotakasuka ndipo penisilini anayamba kupezeka pali ponse. Mu May 2018 maiko a m'bungwe la za umoyo la WHO anagwirizana kuti boma liri lonse liike mtima pa kuthetsa matendawa.

Muno m'Zambia, madotolo a ku UTH motsogozedwa ndi Dr John Musuku, kupyolera m'nchito yochedwa BeatRHD Zambia, anapima mitima ya ana a sukulu ku Lusaka ndi makina oonera m'kati mwa cifuwa. Zotsatira zace zinasindikizidwa mu 2018, ndipo zinaonetsa kuti pa ana 1,000 ali onse, pafupi-fupi 12 anali ndi zizindikiro za matendawa pa tizitseko ta mtima. Awa sanali ana ogona m'cipatala. Anali ana a yunifomu, okhala m'kalasi. Werengani nokha kuti sukulu ya mwana wanu iri ndi ana angati.

Cocita pakhosi pakayamba kuwawa

Mwana amene ali ndi mamina, cifuwa ndi mau osasa, kawiri-kawiri ali ndi cimfine cabe. Amene tiyenera kukhala naye cheru ndi uyu: pakhosi payamba kuwawa mwadzidzidzi, akulephera kumeza, thupi latentha, m'khosi mwatuluka mwanabere wowawa, ndipo mukamuyasamitsa pa dzuwa muona kukhosi kuli psuu, mwina ndi timadontho toyera ngati mafinya, koma sakutsokomola. Komabe musadzipange dotolo. Mwana wa msinkhu wa sukulu akadandaula pakhosi ndi kutentha thupi, pitani naye ku kiliniki. Ngati zotsatira za malungo zatuluka kuti alibe, musangobwerera. Nenani momveka kuti mwanayu akumva kuwawa pomeza, ndipo pemphani kuti amuone kukhosi.

Mankhwala ace ndi penisilini, amene akhala alipo kuyambira m'zaka za m'ma 1940. Akhoza kuperekedwa monga nyeleti imodzi ya benzathine penicillin, kapena monga mapilisi kapena madzi akumwa kwa masiku 10. Mankhwalawa akayambidwa pasanathe masiku 9 ciyambire kudwala, amatseka njira ya rheumatic fever.

Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Mwana akamwa masiku atatu amapeza bwino, ndipo mai amasunga otsalawo m'kabati kuti adzathandize mng'ono wace. Ena timagula makapisozi anai pa msika ndi kumwetsa mwana masiku awiri. Kutero ndi kungogoneka kacirombo, osati kukapha. Masiku khumi akwane, ngakhale mwana akhale akusewera bola pa tsiku lacitatu. Ngati mudziwa kuti panyumba panu mankhwala sakwanitsidwa, kambiranani ndi anamwino za nyeleti ija imodzi. Ndipo ngati mwana anatupapo kapena kutuluka ziwengo atalandira penisilini kale, nenani asanamupatse, pakuti alipo mankhwala ena olowa m'malo.

Paja amati moto umapita kumene kwatsala chire. Mmodzi akadwala, penyetsetsani anzace ogona naye mphasa imodzi. Tsegulani mazenera masana ngakhale kuzizire, ana asamwere kapu imodzi ndi wodwalayo, ndipo zilonda za pakhungu ndi mphere musazilekerere, cifukwa kacirombo komweko kamakhalanso m'menemo.

Nyeleti ya mwezi ndi mwezi

Mwana amene wapezeka ndi rheumatic fever, kapena amene mtima wace wayamba kale kuonongeka, amaikidwa pa nyeleti ya benzathine penicillin masabata anai ali onse, ena masabata atatu. Nyeletiyi sikonza kacitseko koonongeka. Nchito yace ndi kulondera pakhosi kuti kacirombo kasabwererenso. Amalandira kwa zaka zambiri, kawiri-kawiri zosacepera 10 kapena kufikira atakwanitsa zaka 21, ndipo amene mtima unaonongeka kwambiri amapitiriza kufikira zaka 40 kapena moyo wonse. A dotolo ndiwo anena tsiku loleka.

Tisanamizane, nyeletiyi imawawa. Mankhwala ace ndi olimba ngati phala ndipo amalowa pang'ono-pang'ono. Mwana wa zaka 12 amene sakumva kudwala kuli konse sadzaona cifukwa cobayidwira kakhumi ndi katatu pa caka, ndipo kholo lotopa ndi kulira kwace limagonja msanga. Funsani anamwino ngati angasakanize ndi mankhwala ocititsa dzanzi, pakuti njira imeneyi iripo. Mwana adye ndi kumwa madzi asanapite. Lembani tsiku pa kalenda ya pakhoma, osadikira kuti mwezi uthe, cifukwa masiku 28 si mwezi wathunthu. Akapita ku chuti kumudzi kapena ku sukulu yogonera komweko, khadi lipite naye.

Kodi kubvutika konseku kuli ndi phindu? Ku Gulu, m'dziko la Uganda, madotolo anatsatira kwa zaka ziwiri ana pafupi-fupi 800 amene mitima yao inali itangoyamba kuonongeka mwakacete-cete. Theka analandira nyeleti masabata anai ali onse, theka sanalandire. Zotsatira zinatuluka mu 2021. Pakati pa olandira nyeleti, atatu okha ndiwo amene matenda anakula. Pakati pa osalandira anali 33.

Atsikana afunika mau apadera. Mimba imaonjezera magazi m'thupi ndipo mtima umagwira nchito yoposa. Atsikana ambiri amadziwika kuti ali ndi kacitseko kofinyika pamene ali ndi pakati, ena pa nthawi yobereka, ndipo imeneyo ndi nthawi yoopsya kwa mai ndi mwana. Mtsikana amene anadwalapo rheumatic fever auzidwe zoona akamakula, akaonane ndi dotolo asanatenge mimba, ndipo akanene pa tsiku loyamba la sikelo ya amai apakati. Kubisa matendawa poopa kuti sadzakwatiwa ndi kumuika pa ngozi.

Amene amabadwa nawo

Pafupi-fupi mwana mmodzi pa ana 100 ali onse amabadwa ndi cilema ca mtima. Mtima umaumbika m'masabata oyambirira a mimba, nthawi zina mai asanadziwe n'komwe kuti waima, ndipo mwa ana ambiri palibe amene angaloze cifukwa. Zina zimene zimadziwika ndi matenda a shuga osasamalidwa mwa mai, mowa, mankhwala ena omwedwa popanda uphungu wa cipatala, ndi matenda a rubella, amene amaoneka ngati cikuku cacing'ono. Kuyambira mu 2016 ana muno m'dziko anayamba kulandira katemera wa cikuku wophatikiza ndi rubella. Ana obadwa ndi Down syndrome, pafupi-fupi theka amakhala ndi bvuto la mtima, kotero ali yense wa iwo ayenera kupimidwa ali wakhanda.

Khanda silinena kuti latopa, koma bere limanena. Mwana amayamwa pang'ono, nasiya, napuma mofulumira, thukuta liri kamu-kamu pamphumi ngakhale kukuzizira, nayambanso. Pa khadi la sikelo mzere sukwera ngakhale mai ali ndi mkaka wokwanira. Cibayo cimabwera-bwera. Mai wotere amanenedwa zambiri, kuti mkaka wace ndi woipa kapena kuti sasamala mwana. Onetsani khadi kwa anamwino ndi kuwafotokozera mmene mwana amayamwira.

Ana ena magazi ao salandira mpweya wokwanira. Pa khungu lathu lakuda izi sizioneka msanga, tsono penyani lilime, nkhama ndi pansi pa zikhadabo. Zikakhala zobiriwira kapena zotuwa ngati phulusa, makamaka polira, thamangani ku cipatala. Mwana wokulirapo wa mtundu umenewu amathamanga pang'ono kenaka n'kunjuta pansi kuti apume, ndipo nsonga za zala zace zimakula ngati ndodo zoimbira ng'oma. Akabanika ndi kuda milomo mwadzidzidzi, m'nyamuleni, pindani maondo ace kufikitsa pacifuwa, m'tonthozeni, ndipo pitani naye nthawi yomweyo.

Mau akuti mwana ali ndi cibowo mu mtima amaopsya kholo liri lonse. Koma zibowo zimasiyana. Zambiri zazing'ono zimatsekeka zokha mwana akamakula, ndipo a dotolo amangomuona nthawi ndi nthawi. Zazikulu zimafuna kutsekedwa, ndipo pali nthawi yace. Cibowo cacikulu cikakhalitsa, mitsempha ya m'mapapo imauma, kufikira pamene opaleshoni singathandizenso. Ndiye mukauzidwa kuti mubwerenso pakatha miyezi itatu, musadikire kuti mwana ayambe wadwala.

Njira ya ku cipatala

Ulendo umayambira pa kiliniki ya kwanu. Kucokera pamenepo mwana amatumizidwa ku cipatala cacikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete. Cipimo cimene cimanena zoona za mtima ndi eko, makina ofanana ndi aja oonera mwana m'mimba mwa mai. Sabaya, sawawa, ndipo satenga nthawi yaitali. Ofunika akatswiri amatumizidwa ku Lusaka, ku cipatala ca ana ca UTH kapena ku National Heart Hospital. Ku Copperbelt ana amathandizidwa ku Arthur Davison mu Ndola.

Kwa zaka zambiri mwana wofuna opaleshoni ya mtima ankadikira mwai wopita ku India kapena ku South Africa, kapena kudikira madotolo alendo obwera kwa masabata ocepa. Mabungwe monga Save a Child's Heart a ku Israel atengako ana athu ndi kuphunzitsa madotolo a ku Zambia. Tsopano maopaleshoni ena a mtima wa ana akucitika mu Lusaka momwemo. Koma odikira ndi ambiri, ndipo kwa banja la ku Chipata pali mtunda wopitirira makilomita 500, ndalama za basi, malo ogona, ndi ana ena otsala kunyumba.

Ndiponso opaleshoni si mapeto. Mwana woikidwa kacitseko kacitsulo amamwa mankhwala osungunula magazi ochedwa warfarin moyo wace wonse ndi kumapimitsa magazi kawiri-kawiri, ndipo ngati bvuto linayamba ndi rheumatic fever, nyeleti ija ya penisilini imapitirirabe. Yerekezani zonsezi ndi masiku khumi a mankhwala a pakhosi.

Amene muli ndi mwana wodwala mtima panyumba, mapilisi ocotsa madzi m'thupi asaleke cifukwa cakuti mapazi aphwa. Cepetsani mcere m'ndiwo zace, pamodzi ndi tokometsera tam'mapaketi ndi tokhwasula-khwasula tamcere. Atsuke mano m'mawa ndi madzulo, pakuti tizirombo ta m'dzino lobowoka timatha kuyenda m'magazi ndi kukamanga pa kacitseko kodwala, ndipo asanazulidwe dzino, wozulayo auzidwe za mtima. Makatemera onse alandire. Asacotsedwe sukulu. Kaonaneni ndi aphunzitsi kuti asamupatse cilango ca kukumba kapena kuthamanga, koma kusewera kumene a dotolo alola, musamuletse.

Popita ku Lusaka nyamulani kalata yotumizira, khadi la sikelo, khadi la nyeleti, pepala la eko ngati munapatsidwa, khadi la NHIMA ngati muli nalo, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwana akumwa. Musananyamuke, funsani a cipatala cimene cakutumizani kuti kiliniki ya mtima ya ana imakhala tsiku liti, kuti mungakagone pa Intercity ndi mwana wodwala.